Kuika mano achitsulo ku nsagwada ya m'munsi, ndi zimene mliri udaonetsa ku Balaka ndi Machinga

Munthu wa ku Ulongwe, Phalula kapena Ntaja amene dzino lamusowetsa tulo amadziwiratu chimene chikamuchitikire akakafika kuchipatala cha boma ku Balaka kapena ku Liwonde: nthawi zambiri dzinolo likazulidwa. Ululu umatha ndipo iye amabwerera kwawo ali wokondwa. Koma zaka zikamapita, lina n'kuzulidwa, linanso n'kuguluka lokha, amadzazindikira kuti nyama, nzimbe ndi chimanga chootcha zasanduka zakudya zongoonera kwa anzake.

Njira zobwezeretsa mano otayika zilipo zitatu. Pali mano oikirira amene munthu amavala ndi kuvula, pali dzino lomangirira ku mano awiri oyandikana nalo, ndipo pali kachitsulo kamene kamalowetsedwa m'fupa la nsagwada kuti kakhale ngati muzu wa dzino latsopano. Madokotala amakatcha implant. Njira yachitatuyi ndiyo yolimba kwambiri, yokwera mtengo kwambiri, komanso yofuna kuti wodwala ndi dokotala wake aonane kangapo pa miyezi yambiri. Mfundo yomalizayi ndi imene anthu ochuluka saiganizira, ndipo ndi imene idaonekera poyera pamene mliri wa Covid-19 udatseka njira zoyendera.

Chitsulo chimene fupa silichikana

Njirayi idatulukiridwa mwangozi. M'chaka cha 1952, dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, ankafufuza mmene magazi amayendera m'kati mwa fupa. Iye adalowetsa tizipangizo ta chitsulo cha titanium m'mafupa a miyendo ya akalulu kuti aziona zochitika m'katimo. Atamaliza, adafuna kutichotsa, koma tidakanirira: fupa lidali litamera n'kugwirana ndi chitsulocho ngati chinthu chimodzi. Thupi limakonda kulimbana ndi chinthu chachilendo kapena kuchikuta ndi mnofu, koma chitsulo ichi lidachilandira.

Mu 1965, mumzinda wa Gothenburg, Brånemark adayesa njirayi pa munthu kwa nthawi yoyamba. Munthuyo adali Gösta Larsson, yemwe adabadwa ndi vuto la nsagwada ndipo adalibe mano a m'munsi. Adamuika zitsulo zinayi, ndipo adadyera mano amenewo mpaka imfa yake mu 2006. Madokotala ambiri adayamba akayikira, kufikira msonkhano wa ku Toronto m'dziko la Canada mu 1982 pomwe umboni wa Brånemark udavomerezedwa ndi akatswiri a maiko ena.

Kachitsuloko kamaoneka ngati kabawuti kakang'ono. Nthawi zambiri kamatalika mamilimita 8 mpaka 13, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 3 mpaka 5. Pamwamba pake pamamangidwa kachipangizo kolumikizira, ndipo pa kolumikizirapo ndi pamene pamakhala dzino looneka, lopangidwa mofanana mtundu ndi mano ena a munthuyo. Choncho zigawo zilipo zitatu, ndipo kawirikawiri siziikidwa tsiku limodzi.

Chifukwa chake nsagwada ya m'munsi ili yapadera

Fupa limene limagwira mano limakhalapo chifukwa cha manowo. Dzino likachoka, fupa la pamalopo limayamba kuchepa, mofulumira m'chaka choyamba kenaka pang'onopang'ono kwa moyo wonse. Kafukufuku amene Antje Tallgren adasindikiza mu 1972, atatsatira kwa zaka zambiri anthu ovala mano oikirira, adapeza kuti fupa la m'munsi limatha pafupifupi kanayi kuposa la m'mwamba. N'chifukwa chake nkhope ya gogo amene mano adatha imaoneka yofota, chibwano chitayandikira mphuno.

Izi zimavutitsa ovala mano oikirira. A m'mwamba amamatirira bwino chifukwa ali ndi malo aakulu oyedzamira kumwamba kwa m'kamwa. A m'munsi alibe pogwira. Amakhala pa kamzere kopyapyala ka nkhama, lilime likuwakankha uku, masaya uko, ndipo akamagwedera amatupitsa nkhama. Ena amafika powasunga m'kapu n'kumawavala pokhapokha popita kutchalitchi kapena kuukwati, nsima n'kumadyera nkhama. Poona vutoli, akatswiri amene adakumana pa yunivesite ya McGill ku Montreal mu 2002 adagwirizana kuti munthu amene alibiretu mano a m'munsi, thandizo loyamba kuliganizira likhale zitsulo ziwiri kutsogolo kwa nsagwada, zoti mano oikirira azikolekedwapo ngati mabatani. Munthuyo amawavulabe usiku kuti awatsuke, koma akawavala sagwedera.

Fupa la kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi ndi lolimba kuposa la malo ena onse m'kamwa, kotero chitsulo chimagwira msanga. Apa mpamene pali mwayi wake. Ngozi yake ili kumbuyo. M'kati mwa nsagwadayi, mbali zonse ziwiri, muli kangalande kamene mumadutsa mtsempha wochititsa kuti mlomo wa m'munsi ndi chibwano zizimva kukhudza, kutentha ndi kuzizira. Mtsemphawu umalowa chakumbuyo, umadutsa kunsi kwa mizu ya mano otafunira, n'kudzatulukira pa kabowo kamene kali chakumunsi kwa dzino lachinayi kapena lachisanu kuwerenga kuchokera pakati. Choboolera chikaukhudza kapena chitsulo chikaupanikiza, mlomo umachita dzanzi, mwina umayaka ngati wapsa. Munthu amadziluma osadziwa, ndipo tiyi amatayikira m'mbali mwa kamwa iye osamva. Kwa ena vutoli limatha pakapita masabata kapena miyezi, kwa ena limakhala la moyo wonse. Lamulo limene madokotala amaphunzitsidwa ndi kusiya mpata wa mamilimita osachepera 2 pakati pa nsonga ya chitsulo ndi ngalandeyo.

Mamilimita awiri sangayezedwe ndi maso. Pamafunika chithunzi cha X-ray choonetsa nsagwada yonse, ndipo pamene fupa lachepa kwambiri pamafunika makina ojambula fupa mbali zonse, osonyeza kutalika ndi kukhuthala kwake. Dokotala amene akufuna kuboola nsagwada ya m'munsi popanda chithunzi ngofunika kumuthawa. Ngozi ina, yosachitikachitika koma yoopsa, ndi kuboola mopyola kumbali ya lilime komwe kuli mitsempha ya magazi. Magazi akamatayikira kunsi kwa lilime, malowo amatupa mpaka kutseka njira yopumira. Wodwala amene waona kutupa kotere atabwerera kunyumba sayenera kudikira kuti kuche.

Mmene ntchito imayendera

Opaleshoni yeniyeniyo si yaikulu. Wodwala amakhala ali maso, atabayidwa mankhwala ochititsa dzanzi monga zimakhalira pozula dzino. Dokotala amang'amba nkhama, amaboola fupa poyamba ndi kachoboolera kakang'ono kenaka zokulirapo motsatizana, uku akuthira madzi amchere ozizira. Madziwo ali ndi ntchito yaikulu: fupa likatentha kupitirira madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha limafa, ndipo fupa lakufa siligwirana ndi chitsulo. Akatha amapotokola kachitsuloko mpaka kakhazikike, n'kusoka. Pa dzino limodzi ntchitoyi imatenga pafupifupi ola. Tsaya limatupa masiku ochepa, ndipo ulusi umachotsedwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Chotsatira ndi kudikira. Brånemark ankadikira miyezi itatu ku nsagwada ya m'munsi ndi isanu ndi umodzi ku ya m'mwamba asadaike dzino pamwamba. Zitsulo zamakono zafupikitsako nthawiyi, ndipo nthawi zina dokotala amaika mano ongoyembekezera tsiku lomwelo, koma amatero kwa anthu osankhika amene fupa lawo ndi lokwanira. Ngati fupa lidatha kwambiri, amayamba awonjezera lina, zomwe zimatalikitsa ntchito ndi miyezi inanso. Fupa likagwira, wodwala amabweranso kudzatsegulidwa nkhama, kudzayezedwa kamwa, kenaka kudzayesa dzino limene amisiri apanga. Ikayenda bwino, ntchitoyi imakhalitsa: kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti pa zitsulo 100 zilizonse, zoposa 90 zimakhala zikugwirabe ntchito pakatha zaka 10.

Chitsulo sichiola, koma nkhama ndi fupa lochizungulira zimadwala. Zotsalira za chakudya zikamaunjikana, tizilombo timatupitsa nkhama n'kuyamba kudya fupa. Choipa n'chakuti matendawa kawirikawiri sapweteka poyamba, moti munthu amadzazindikira chitsulo chitayamba kale kugwedera. Kotero pamafunika mswachi kawiri pa tsiku, kuyeretsa m'mipata ya mano, ndi kukaonetsa kwa dokotala kamodzi kapena kawiri pa chaka. Tizomangira ta m'kati timamasukanso nthawi zina ndipo timafuna womanga amene ali ndi zipangizo zoyenera.

Si aliyense angaikidwe. Fodya amachedwetsa kupola ndipo amachulukitsa mwayi woti chitsulo chikanike. Chimodzimodzinso matenda a shuga amene sakusamalidwa, ndi matenda a nkhama amene sadachizidwe. Amene adawotchedwapo khansa ya kumutu kapena kukhosi, ndi amene akumwa mankhwala ena olimbitsa mafupa, ayenera kuuza dokotala asadayambe chilichonse. Achinyamata amadikira mpaka nsagwada itasiya kukula, cha m'ma zaka 18 kapena kupitirira. Kachilombo ka HIV pakokha sikaletsa, malinga munthu akumwa ma ARV mwandondomeko ndipo chitetezo cha m'thupi chili bwino.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu a m'chigwa cha Shire. Akatswiri a ku Chancellor College adapeza kuti madzi a m'mijigo ina ya m'boma la Machinga ali ndi mchere wa fluoride wopitirira mlingo wa mamiligalamu 1.5 pa lita umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limavomereza. Ana okulira pa madzi otere amamera mano amawanga achikasu kapena ofiirira. Mano amenewa saoneka bwino, koma nthawi zambiri mizu yake ndi yamoyo, ndipo kuwazula kuti paikidwe zitsulo ndi kutaya chabwino. Pali njira zina zowakonzera pamwamba.

Njira ya alendo itatsekeka

M'dziko muno ntchito yoika zitsuloyi imapezeka makamaka m'zipatala zolipira za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, ndipo zipangizo zake zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Amene ali ndi kuthekera amapitanso ku South Africa kapena ku India. Kwa munthu wa ku Balaka kapena Machinga, thandizo lapadera la mano limatanthauza ulendo, kaya iye apite kumene kuli dokotala kapena dokotala abwere ngati mlendo. Ndipo ku Balaka, alendo ochokera kutali akhala akubwera kudzera mumpingo wa Katolika.

Ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Utale mu 1908. Patapita zaka, dera lonseli lidakhala m'manja mwa a Montfort ochokera ku Italy, ambiri a iwo a m'chigawo cha Bergamo. Maepisikopi awiri oyamba a dayosizi ya Mangochi, momwe muli Balaka ndi mbali ina ya Machinga, Alessandro Assolari ndi Alessandro Pagani, adali ochokera komweko. Bambo Mario Pacifici, nawonso a ku Bergamo, adayambitsa Alleluya Band mu 1978 ndi bungwe la Andiamo mu 1984, dzina lotanthauza kuti "tiyeni". Pansi pa bungweli pali chipatala cha Comfort. Kwa zaka zambiri, Akatolika a ku Italy akhala akubwera ku Balaka m'magulu kudzaona mishoni, kudzapemphera ndi abale awo ndi kudzagwira ntchito mongodzipereka, ena mwa iwo ali azachipatala. Oimba a Alleluya nawo ankapita ku Italy kukaimba m'maparishi ndi kukapeza thandizo la ntchito za kuno. Pa njira imodzi yomweyo pankadutsa mapemphero, ndalama, zipangizo ndi luso.

Mu Malichi 2020, Bergamo idasanduka likulu la maliro ku Ulaya. Pa 18 Malichi dziko lonse lidaona zithunzi za magalimoto a asilikali akutulutsa mabokosi a maliro mumzindamo chifukwa malo ootchera mitembo adali atalephera. Dzulo lake, malo oyera a Lourdes ku France adali atatsekedwa kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake. Pa 27 Malichi Papa Francis adapemphera yekha m'bwalo la St Peter mvula ikugwa, ndipo pa 13 Meyi mwambo wa ku Fatima udachitika popanda amwendamnjira.

Kuno kumudzi, mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Peter Mutharika, adalengeza pa 20 Malichi kuti dziko lili pangozi, ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 idaletsedwa. Ndege zonyamula anthu zidaimitsidwa kuyambira pa 1 Epulo mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala. Odwala oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo, kutatsala sabata imodzi kuti lifike Lachisanu Loyera, tsiku limene Akhristu amayenda Njira ya Mtanda m'chigulu. M'matchalitchi anthu adasiya kugwirana chanza popatsana mtendere, ndipo ambiri adatsatira Misa pa Luntha TV ya ku Balaka ndi pa Radio Maria ya ku Mangochi. Lamulo loti anthu akhale m'nyumba masiku 21 lidaimitsidwa ndi bwalo lalikulu la milandu pa 17 Epulo, kotero m'dziko muno anthu ankayendabe, koma zipata za kunja zidali zotseka. Ulendo wa ku Namugongo m'dziko la Uganda, komwe Amalawi amapita chaka ndi chaka kukakumbukira Amartiri pa 3 Juni, udalephereka mu 2020. Mu 2021 adaloledwa anthu owerengeka okha, ndipo khamu lidabwereranso mu 2022.

Mwendamnjira amene walephera ulendo amataya chaka, mwina ndi ndalama zimene adasonkha, koma Namugongo amadzaipeza ilipo. Wodwala amene ali pakati pa ntchito ya mano zake n'zina. Amene adaikidwa chitsulo kunja kwa dziko mu Januwale kapena Febuluwale 2020, akuyembekeza kubwererako patatha miyezi itatu, adapeza kuti India yaimitsa ziphaso zolowera m'dzikomo ndipo South Africa yatseka malire ake. Chitsulo chokwiriridwa bwino pansi pa nkhama chimatha kudikira miyezi yambiri popanda vuto, koma mano ongoyembekezera amathyoka, tizomangira timamasuka, ndipo bala likayamba mafinya silidikira ndege. Ngakhale a pafupi sadapeze thandizo mosavuta. Zoboolera mano zimamwaza timadontho ta malovu mumpweya, kotero mu Ogasiti 2020 bungwe la WHO lidalangiza kuti ntchito za mano zosafulumira ziyambe zaima kumene matendawa akufala kwambiri. Kuika chitsulo kudali m'gulu la zodikira.

Ku Ulaya kuli chizolowezi chopita ku Hungary, Croatia kapena Turkey kukaikitsa mano motsika mtengo, ulendowo n'kuuphatikiza ndi tchuthi. Mmalawi amene wasunga ndalama za ulendo wa ku Rome kapena ku Dziko Loyera akhoza kukopeka kuti achite chimodzimodzi, apemphere komanso akonzetse mano pa tikiti imodzi. Masiku khumi kapena masabata awiri a ulendo wotere amakwana kuika chitsulo, koma sakwana kumaliza dzino, ndipo sakwaniratu kuona ngati fupa lachilandira. Chimodzimodzinso dokotala wongodzipereka amene wabwera kwa mwezi umodzi: akhoza kuzula, kumata ndi kutsuka mano a anthu mazanamazana, ntchito yotamandika, koma chitsulo chimafuna wina wotsala amene adzachione chaka chamawa.

Amene atsale kuno

Vuto lenileni ndi kuchepa kwa madokotala a mano. Cha m'ma 2019, m'dziko la anthu oposa 17 miliyoni, madokotalawa sankafika 50, ambiri ali m'mizinda, ndipo onse adaphunzira kunja. M'zipatala za m'maboma ntchito imagwiridwa ndi madokotala othandizira amene amaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo odwala ovuta a ku Balaka ndi Machinga amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu Ogasiti 2019, miyezi yochepa mliri usadafike, sukulu ya College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow ndi boma la Scotland kudzera mu ntchito yotchedwa MalDent. Mu Epulo 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko yokhudza umoyo wa m'kamwa, yomwe ikutsindika kwambiri za kupewa. Kutsindikako nkoyenera, pakuti ndalama za chitsulo chimodzi zikhoza kumata mano a ana ambiri asadafike pozulidwa.

Kwa amene waganiza zoikitsa, kaya ku Blantyre, ku Johannesburg kapena ku Chennai, mafunso ofunika ndi ochepa. Afunse ngati dokotalayo ndi wovomerezeka, zomwe kuno zimatsimikizidwa ndi Medical Council of Malawi. Apemphe kuona chithunzi cha nsagwada yake ndi kusonyezedwa pamene mtsempha ukudutsa. Adziwe kuti adzabwera maulendo angati, ndipo mtengo umene wauzidwa ukuphatikiza zigawo zonse zitatu kapena muzu wokha. Adziwenso amene angamuthandize pafupi ndi kwawo zinthu zikavuta usiku.

Pomaliza ntchito, alembetse papepala dzina la kampani imene idapanga chitsulocho, mtundu wake, kutalika ndi kukula kwake, ndipo pepalalo alisunge pamodzi ndi buku lake lakuchipatala. Makampani opanga zitsulozi alipo ambiri, ndipo tizomangira ndi zomasulira za kampani ina nthawi zambiri sizilowa pa chitsulo cha inzake. Dokotala wa ku Zomba kapena ku Blantyre amene wapatsidwa pepalalo amadziwa choti aitanitse. Popanda pepala, amayamba ndi kulingalira poyang'ana chithunzi cha X-ray.